Mng'ono Wanga Amawerenga Bwino, Koma Anasungunulira Thanzi mu Kapu

Anzanga a Folomu 1 ndi Folomu 2, komanso akuluakulu a Folomu 3 ndi 4 ngati mwaima pakhoma pano, nkhani yanga ikukhudza ana omwe timawasiya kunyumba m'mawa uliwonse, ang'ono athu ndi alongo athu a ku pulayimale. Ambirife ndife aphunzitsi awo a madzulo, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Amayi akangoona mwana wagwira kope amati, "Pita kwa achimwene ako, si ndiwo ali ku sekondale?" Ndiye ndati ndilembe zomwe ndakhala ndikuchita ndi mng'ono wanga wa mu Sitandade 5. Zinayamba ndi mantha.

Munali mu Januwale 2023, ine ndili mu Sitandade 8. Mukukumbukira kuti nthawi imeneyo kolera inali itavuta dziko lonse. Mliriwo unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu opitirira 1,700. M'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre sukulu zinachedwa kutsegulira teremu chifukwa cha matendawa. Kwathu kuno alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi, ndipo pakhomo pathu anasiya mapaketi awiri a Thanzi ndi kapepala ka malangizo kolembedwa m'Chichewa. Amayi anazisomeka kudenga.

Tsiku lina kamlongo kathu komaliza kanayamba kutsegula m'mimba. Bambo anali kumunda, amayi anathamangira kwa azakhali kukabwereka njinga yopitira kuchipatala. Pakhomo panatsala agogo ndi mng'ono wangayo, yemwe nthawi imeneyo anali mu Sitandade 3. Agogo sadziwa kuwerenga, ndiye anati, "Iwe, tatsitsa pepala lija uwerenge, umpangire mwana mankhwala." Mnyamatayo anawerenga mokweza mawu, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Kenako anatenga kapu ya tiyi, kuthiramo madzi, kukhuthuliramo paketi yonse, n'kutakasa.

Ine pofika kuchokera kusukulu ndinapeza agogo akulimbana ndi mwana, iye akukana sipuni, akulavula. Nditalawa, mchere wokhawokha! Ndinatenga kapepalako. Paketi imodzi imayenera kusungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Kapu yathuyo muyenera kuithira kanayi kuti lita ikwane, ndiye mankhwala aja anali okhathamira kanayi. Mwamwayi mwana anali atangomeza masipuni ochepa. Kuchipatala anamwino anatiuza kuti sinali kolera, koma anatichenjeza kuti Thanzi wokhathamira chotero, m'malo mobwezeretsa madzi m'thupi, amakoka madzi kuchoka m'thupi kupita m'matumbo, ndipo mchere umachuluka m'magazi. Kwa mwana wamng'ono imeneyo ndi ngozi yeniyeni.

Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kum'menya mng'ono wanga. Iye akulira anati, "Komatu ndinawerenga, achimwene!" Ndinamupatsa kapepala kaja kuti awerengenso. Anawerenga bwinobwino, ndi mawu oti "lita imodzi" omwe anawatchula momveka. Nditamufunsa kuti lita ndi chiyani, anangondiyang'ana. Kwa iye anali mawu basi, monga mawu ena onse a papepalapo. Sananame. Anawerengadi.

Kuyambira mu 2016 boma lili ndi pulogalamu yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira a pulayimale, ndipo ana amaphunzira maliwu a malembo ndi maphatikizo. Mng'ono wanga zimenezo anazigwira msanga kuposa momwe ine ndinachitira. Koma ndazindikira kuti kuwerenga nthano ndi kuwerenga malangizo ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mu nthano ya Kalulu ndi Fisi ukadumpha mzere umodzi sulakwa kwambiri, udziwabe kuti Fisi wapusitsidwa. Mu malangizo ukadumpha liwu limodzi, kapena ukalitchula osalimvetsa, chomwe ukupangacho chimawonongeka. Nthano umaimvetsera. Ndondomeko umayenera kuiona m'mutu ngati ukuichita ndi manja, kuti ichi chikatha pakubwera ichi, ndipo muyeso wake ndi uwu.

Poyamba ndinayesa kumuphunzitsa ngati mmene amachitira aphunzitsi, ine kuyankhula iye kumvetsera. Sizinatheke. Tochi isanazime iye anali atagona kale. Chomwe chinagwira ntchito ndi nsima.

Ndinang'amba tsamba la kope lakale, n'kulemba kaphikidwe ka nsima, chiganizo chilichonse pakapepala kakekake. Terekani poto wa madzi pamoto. Madzi akafunda thirani ufa pang'ono, mutakase kuti likhale phala. Vindikirani, phala libwate mpaka lipse. Thirani ufa pang'onopang'ono uku mukuvundula ndi mthiko. Omolani ndi chipande chonyowetsa. Timapepala tonse ndinatisokoneza n'kumupatsa kuti atiyale pamphasa motsatana. Anatero mosavuta, akuseka, chifukwa nsima amaiona ikuphikidwa tsiku ndi tsiku. Ndiye ine ndinasuntha kapepala kamodzi dala, ufa wambiri ndinauika phala lisanabwate, n'kumufunsa kuti chavuta n'chiyani. "Ikhala yosapsa, ndiponso ya mibulu," anayankha. Agogo ali pakhonde anathirira ndemanga kuti mkazi wophika chotero kale ankamubweza kwawo.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti mwana amadziwa kale kuti zinthu zili ndi ndondomeko. Amadziwa kuti sungamange mtolo nkhuni usanatole. Chomwe sadziwa n'chakuti mawu a papepala akunena ndondomeko yomweyo imene manja ake amaidziwa. Choncho musayambe ndi buku la Sayansi. Yambani ndi chinthu chomwe mwanayo angakutsutseni mukalakwitsa: kuphika nsima, kufulula thobwa, kumata tayala la njinga, kuumba galimoto ya dongo.

Pomwe ndinatenga nthawi yaitali ndi pa timawu tosonyeza nthawi. Tina n'tosavuta: choyamba, chachiwiri, kenako, pambuyo pake, pomaliza. Timeneti mwana amationa msanga, ndipo ndimamuuza kuti atizungulize ndi pensulo. Koma Chichewa chathu chili ndi chizolowezi chobisa nthawi m'kati mwa mneni, ndipo msampha uli pamenepo. Taonani chiganizo ichi: "Musanasungunule mankhwala, sambani m'manja ndi sopo." Ntchito yoyamba kuiwerenga ndi kusungunula, koma ntchito yoyamba kuichita ndi kusamba. Chomwe chatembenuza zonse ndi kachidutswa kakang'ono, ka -sana- kali m'kati mwa liwulo. Mwana wothamanga powerenga amamva "sungunula" n'kunyamuka kukatenga paketi. Taonaninso ichi: "Thirani ufa madzi akafunda." Kuthira kwalembedwa koyamba, koma kufunda ndiye kumayamba kuchitika, ndipo wanena zimenezi ndi -ka- wa mu "akafunda". Chimodzimodzi -ta- wa mu "mutasamba" kapena "atauma".

Ine ndemwe sindinkaziona zimenezi mpaka nditayamba kuphunzitsa mwana. Timaziyankhula tsiku lonse osaganiza. Papepala, popanda manja oloza ndi nkhope ya amayi, timadutsa. Ndiye masewera athu anali otere: ine ndimanena chiganizo, iye amayankha funso limodzi lokha, loti "choyamba kuchitika n'chiti?" Tinkasewera tikupita kumjigo, tikusenza thumba kupita kuchigayo, paliponse. "Usanatseke khola, werenga mbuzi." "Mbewu ikamera, patulira." "Pita kusukulu utasesa." Masiku oyamba ankagwa pa -sana- pafupifupi nthawi zonse. Patatha masabata awiri anayamba kunditchera ine misampha yake.

Liwu lina lofunika kulisamala ndi "mpaka". Limanena kuti usasiye, ndipo limanenanso pomwe uyenera kusiyira. Phala libwate mpaka lipse. Takasani mpaka zonse zisungunuke. Mwana ndimamufunsa kuti, "Udziwa bwanji kuti zakwana?" Akalephera kuyankha ndiye kuti sitepe imeneyo sanaimve.

Palinso sitepe ina yomwe ana, ngakhale akulu omwe, saiwerengera ngati sitepe: kudikira. Mukathira WaterGuard kapena kolorini m'ndowa ya madzi, mumayenera kudikira mphindi 30 musanamwe, kuti mankhwala aphe tizilombo. Nditamuuza mng'ono wanga kuti ayale timapepala ta ndondomeko imeneyi, kapepala ka kudikira anakaika pambali. Akuti pamenepo palibe chochita. Eti, palibe chochita! Ndinamufunsa kuti nanga mankhwalawo agwire ntchito nthawi yanji? Kuyambira tsiku limenelo, paliponse pamene malangizo atchula mphindi, maola kapena masiku, amajambula kawotchi m'mphepete mwa tsamba. Pa Thanzi kawotchi kake ndi ka maola 24: wosungunula kale akapitirira pamenepo mumataya n'kupanga wina.

Tsopano za miyeso, pomwe panayambira nkhani yonse. Lamulo lomwe ndinamuikira n'lakuti nambala iliyonse ya mu malangizo aipezere chinthu chogwirika m'nyumba asanayambe chilichonse. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a madzi a 500 ml, ndipo tinasunga botolo limodzi lotero pawindo, lomwe salola aliyense kuthiramo mafuta ophikira. Malita 20 ndi ndowa yathu yaikulu. Tinayalanso masipuni onse a m'nyumba kuti aone kuti sipuni yaing'ono ya tiyi si imodzi ndi sipuni yaikulu yodyera phala, komanso kuti sipuni yosalaza si imodzi ndi yosefukira. Paketi ikasowa pali njira yopangira madzi a shuga ndi mchere panyumba: lita imodzi ya madzi aukhondo, masipuni aang'ono 6 osalaza a shuga, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Ndinamufunsa kuti chingachitike n'chiyani munthu atasinthanitsa, mchere 6 shuga theka. Anakhala chete nthawi ndithu. Ndikuganiza kuti anakumbukira kapu ija, koma sitinaitchule.

Ena mwa inu mudzati zonsezi n'zophweka, ingomuuzani mwana aloweze masitepe. Ine kuloweza sindikudana nako, tonse timaloweza mayeso akayandikira. Vuto n'lakuti choloweza chikasokonekera pakati, ulibe chokuthandiza kuchibwezera m'malo mwake. Wodziwa chifukwa chake sitepe ili pamalo pakepo, ngakhale ataiwala, amaipezanso poganiza. N'chifukwa chake funso lomwe ndimalibwereza kwambiri ndi loti, "Chifukwa chiyani ichi chili apa osati apo?"

Kuno ku Dedza sitisowa poyesera funso limeneli, chifukwa mwana aliyense wakulira m'munda wa kachewere. Dedza ndi Ntcheu ndiwo maboma odziwika ndi mbatata imeneyi, ndipo aliyense wodutsa mu msewu wa M1 amaona zidebe zake zitandandalikidwa pa Bembeke ndi pa Lizulu. Ndinalemba kabzalidwe kake monga timachitira ndi bambo, n'kumufunsa sitepe ndi sitepe. Bwanji timasankha mbewu yomwe yatulutsa kale mphukira? Bwanji feteleza timamukwirira ndi kadothi kaye tisanaike mbewu? Bwanji timakwezera mizere mbewu ikakula? Ena sanawadziwe, ndipo ena ine ndemwe ndinachita kukafunsa bambo. Feteleza akakhudzana ndi mbewu amawotcha mphukira. Kukwezera kumaphimba mbatata kuti isaonedwe ndi dzuwa, chifukwa ikaonedwa imasanduka yobiriwira, imawawa, ndipo si yabwino kudya. Bambo anawonjezera kuti kachewere sabzala pomwe pangochoka tomato kapena fodya, poti ndi mbewu za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Bambo sanafike patali ndi sukulu, koma usiku umenewo ndiwo anali aphunzitsi, ndipo anakondwa kuposa tonse.

Chaka chino mng'ono wanga walowa Sitandade 5, pomwe maphunziro amasiya kuphunzitsidwa m'Chichewa n'kuyamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi. Tonse tinadutsamo, mukudziwa mmene mutu umazungulirira. Dzulodzulo unali katswiri, lero buku lonse lasanduka mdima. Chomwe chamuthandiza n'chakuti akudziwa kale chomwe akufunafuna. Ndinalemba mawu ochepa pa katoni n'kupachika pamwamba pa mphasa yake, lililonse ndi mnzake wa m'Chichewa. "Before" ndi -sana- uja. "After" ndi "mukatha" kapena -ta-. "Until" ndi "mpaka". "Unless" ndi "pokhapokha", ndipo limeneli likumuvutabe, inenso limandipunthwitsa nthawi zina. Ndinamuonetsanso kuti m'malangizo a Chingerezi mneni wolamula amakonda kukhala koyambirira kwa chiganizo, monga "mix", "pour", "cover". Akapeza aneni amenewa amawerenga kuti alipo angati, ndipo amadziwa kuti ntchito zochita zilipo zingati, ngakhale mawu ena apakati sakuwamva.

Sindikunyoza aphunzitsi a ku pulayimale. M'kalasi mwake ana amakhala pansi mpaka pakhomo, ndipo buku limodzi amagwirizana angapo. Mphunzitsi mmodzi sangadule timapepala ta mwana aliyense n'kumudikira ayale. Ife kunyumba tili ndi mwana mmodzi kapena awiri, ndiye tingathe. Inde timafika titatopa, ena timayenda mtunda wautali, ndipo mu Juni kuno kuzizira kwake munthu umangofuna kulowa m'bulangete. Ine sindipitirira mphindi 15 patsiku, ndipo masiku ena sitichita n'komwe.

Anzanga a Folomu 2, musaganize kuti izi n'za ana okha. JCE ikubwera, ndipo ife a sukulu zopanda labu yokwanira zoyesera zambiri timangoziwerenga m'buku osazigwira ndi manja. Tengani ija ya mu Bayoloje yoyeza sitachi m'tsamba. Ine ndinailoweza chaka chatha, koma pa mayeso a teremu ndinasokoneza, ayodini ndinamuika patsogolo pa ethanol. Nditabwerera kunyumba ndinachita zomwe ndimamuchititsa mng'ono wanga. Ndinadula timapepala n'kudzifunsa chifukwa cha sitepe iliyonse. Tsamba timayamba taliviika m'madzi owira kuti maselo ake afe, mankhwala athe kulowa. Kenako timaliika mu ethanol kuti chlorophyll achoke, chifukwa tsamba likakhala lobiriwira kusintha kwa mtundu sikungaoneke bwino. Ethanol sitimutenthetsa pamoto mwachindunji poti amayaka msanga, ndiye test tube yake timaiimika m'madzi otentha. Tsamba likachoka mu ethanol limakhala louma ndi lothetheka, choncho timaliviikanso m'madzi ofunda kuti lifewe. Pomaliza timadonthezera ayodini, ndipo ngati muli sitachi tsamba limasanduka labuluu wakuda. Ukadziwa kuti kubiriwira kumabisa mtundu, sungaikenso ayodini patsogolo, ngakhale utadzutsidwa pakati pa usiku. Yesani zomwezi pa kusefa madzi amatope, pa kupanga manyowa a kompositi mu Ulimi, ngakhale pa masamu aja a masitepe ambiri.

Njira ina yomwe ndaipeza mochedwa ndi yosinthana malo. Mng'ono wanga amandiuza ndondomeko, ine ndimachita ndendende zomwe wanena, osawonjezera nzeru zanga. Tsiku lina anandilangiza kapangidwe ka tiyi. Anati, "Thirani masamba m'madzi." Ine ndinathira m'madzi ozizira a mu ndowa. Anakuwa kuti, "Ayi achimwene, owira!" Ndinati sunanene. Amayi anatikalipira chifukwa cha masamba omwe tinawononga, koma kuchokera pamenepo akamalemba malangizo ake amabwerera kukaona chomwe wasiya. Mwana yemwe wayesapo kulemba ndondomeko amawerenga za ena mosamala, chifukwa wadziwa kuti liwu lililonse analiika ndi cholinga.

Mwezi watha bambo anapopera tomato wa kudimba mankhwala a chiwawu. Patangopita masiku ochepa venda anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzagula. Madzulo ake ndinapeza mng'ono wanga wagwira paketi ya mankhwala ija, yomwe malangizo ake ndi a Chingerezi ndipo zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere. Poyamba ndinamukalipira kuti aisiye n'kukasamba m'manja, poti si chinthu chogwira mwana. Koma anali atapeza kale "before" wake, ndipo pafupi pake panali liwu loti "harvest" ndi nambala ya masiku. Anawerengera pa zala kuchokera tsiku lopopera. Loweruka masikuwo amakhala asanakwane.

Kuwauza bambo inali nkhani ina. Ndalama ya tomatoyo ndi yomwe timayembekezera kuti ndilipire fizi yotsala, ndipo venda ukamubweza amapita kwa wina. Ine ndinachita mantha, ndinangoti ziii. Mng'ono wanga ndiye anayankhula tikudya nsima. Bambo anasiya mbamu m'mbale, anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Zoona zimenezi?"

Ndinati zoona, ndaonanso ndekha.

"Tawerenganso," anatero, "pang'onopang'ono, undimasulire."

Ine ndinagwira paketi ndi tochi, mng'ono wanga anawerenga n'kumasulira. Bambo sanayankhe kanthu, anamaliza kudya n'kutuluka panja ndi foni. Venda anabwera Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo dengu lililonse anadula mtengo, akuti tomato wina wapsa kwambiri. Fizi ndinamaliza kulipira mochedwa ndi masabata awiri.